Nyanja zikuchuluka kapena zikuphwa? Za madzi a kumpoto pamene nthaka youndana ikusungunuka

Mayi Nabanda:
Moni nonse pa gulu lino. Ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere sabata yonseyi, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati panu alipo amene angandimasulire. Ndakhala ndikuwerenga za nthaka youndana ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Siberia, ku Alaska ndi kumpoto kwa Canada, imene asayansi amaitcha permafrost. Olemba ena akuti nthakayi ikamasungunuka nyanja zatsopano zikubadwa ndipo zakale zikukula mpaka kumiza mitengo. Ena akuti nyanja za m'madera omwewo zikuphwa n'kusanduka madambo. Onsewa akuloza chala chinthu chimodzi, kutentha kwa dziko. Kodi chinthu chimodzi chingadzaze nyanja n'kuiphwetsanso, kapena pali wina amene akutinamiza?

Bambo Mwale:
Mayi Nabanda, palibe amene akunama. Onsewo akufotokoza ulendo umodzi, kungoti wina waima poyambira ndipo mnzakeyo waima kumathero.

Tiyambe ndi nthakayo. Permafrost ndi dothi kapena thanthwe limene lakhala pa madigiri 0 kapena kutsikirapo kwa zaka ziwiri zotsatizana kapena kuposa, ndipo m'malo ambiri lakhala chomwecho kwa zaka zikwizikwi. Ku Yakutia, dera la kum'mawa kwa Siberia, kuli malo amene kuundanako kumatsika mamita pafupifupi 1,500, pamene kumpoto kwa Alaska, cha ku Prudhoe Bay, kumafika mamita ngati 600. Pamwamba pake pali dothi lochepa limene limasungunuka m'nyengo yotentha n'kuundananso chisanu chikabwera, ndipo kawirikawiri silipitirira mita imodzi kapena awiri. Chodabwitsa n'chakuti madera ambiri a kumeneko amalandira mvula ndi chipale chofewa zochepa ngati chipululu, komabe ali ndi maiwe ndi nyanja zosawerengeka. Chifukwa chake n'chakuti madzi alibe kolowera. Nthaka youndana ili ngati pansi pa mbiya: imagwira madzi kuti akhale pamwamba.

Tsono m'nthakamo simuli dothi lokha. Muli madzi oundana okhaokha amene anadzaza ming'alu kwa zaka zambiri, ndipo m'dothi lakale la ku Siberia ndi ku Alaska lotchedwa yedoma madzi oundanawo amaposa theka la nthaka yonse. Akasungunuka, dothi limatitimira popeza chimene chinalichirikiza chachoka, ndipo m'dzenjemo mumadikha madzi. Madzi amamwa dzuwa kuposa udzu ndi ndere zimene zinali pamenepo, choncho dziwelo limatenthetsa magombe ake, magombe amagumukira m'kati, dziwe limakula n'kukhala nyanja. Apa ndi pamene olemba oyamba aja aima.

Koma nyanja ikazama kupitirira mamita ngati awiri siundananso mpaka pansi m'nyengo yachisanu. Pansi pake pamatsala dothi losaundana chaka chonse, limene akatswiri amalitcha talik, ndipo chaka ndi chaka limanka litsika. Kumene nthaka youndana ndi yopyapyala, talik imaiboola n'kukumana ndi mchenga kapena miyala ya pansi, ndipo madzi amatsika mwakachetechete ngati mbiya yabooka. Kumene ndi yochindikala, nyanja imakula mpaka kufika m'mphepete mwa chigwa kapena mtsinje, gombe limang'ambika, ndipo madzi amatha m'masiku owerengeka. Apa ndi pamene olemba achiwiri aima.

A Chisale:
Bambo Mwale, mwafotokoza momveka, koma kufotokoza kokoma si umboni. Dera limene tikukambali ndi lalikulu koopsa ndipo anthu okhalamo ndi ochepa. Ndani anawerenga nyanjazi kale kuti lero tinene molimba mtima kuti zachepa kapena zachuluka? Ndimaopa kuti munthu akajambula nyanja imodzi youma, dziko lonse limayamba kulira maliro a nyanja zonse.

Bambo Kamanga:
A Chisale, funso lanu ndi loyenera, ndipo yankho lilipo chifukwa cha zithunzi za masetilaiti zimene zinayamba kujambulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mu 2005 Laurence Smith ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayerekeza zithunzi za kumadzulo kwa Siberia za 1973 ndi za 1997 mpaka 1998. Anawerenga nyanja zokula kuposa mahekitala 40, ndipo anapeza kuti zinatsika kuchoka pa 10,882 kufika pa 9,712. Zambiri zinangochepa n'kutsika pansi pa muyeso uja, koma 125 zinazimiririka ndithu n'kumera zomera. Chimene chikuyankha funso la Mayi Nabanda n'chakuti kuchepako kunachitika kum'mwera kwa deralo, kumene nthaka youndana ndi yodukaduka, pamene kumpoto, kumene ndi yolumikizana ndi yochindikala, malo a nyanja anakula. Zinthu ziwiri zija zinaoneka m'kafukufuku mmodzi.

Chimene chasintha chiyambire nthawi imeneyo n'chakuti kuphwa kwafika ngakhale kumpoto. M'chilimwe cha 2018, pambuyo pa nyengo yachisanu yofunda modabwitsa ndiponso ya chipale chochuluka, nyanja 192 zinakhuthuka kumpoto chakumadzulo kwa Alaska, m'dera la Seward Peninsula ndi Baldwin Peninsula, kuwirikiza pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi chaka wamba. Chipale chochuluka chimafunditsa nthaka ngati bulangete kotero kuti siizizira mokwanira, ndipo chikasungunuka chimadzaza nyanja mpaka kusefukira. Madzi osefukirawo amatsata mizere ya madzi oundana a m'nthaka aja, amaisungunula, ndipo kangalande kamene m'mawa kanali kodumphika kamakhala chigwa pofika madzulo.

Ku Old Crow Flats, m'chigawo cha Yukon ku Canada, nyanja ya Zelma, imodzi mwa zikuluzikulu za kumeneko, inakhuthuka motero mu 2007. Anthu a mtundu wa Vuntut Gwitchin, amene dzina lawo lenilenilo limatanthauza anthu a kunyanja, akhala akutchera misampha ndi kuyenda pa nyanja zimenezi kwa mibadwo yambiri. Ndipo mu 2016 mudzi wa Point Lay ku Alaska unataya nyanja imene unkatungako madzi akumwa, itang'ambikira mu mtsinje wa Kokolik.

A Chisale:
Ziwerengerozo ndazilandira, Bambo Kamanga. Koma ndiloleni ndikankhe pang'ono. Ndikudziwa kuti pakati pa Yakutia pali mabeseni a udzu otchedwa alas, amene anthu a mtundu wa Sakha amadyetsamo akavalo ndi ng'ombe ndi kumwetamo udzu wosungira ziweto. Mabeseniwa ndi nyanja zakale zimene zinabadwa n'kuphwa zaka zikwi zapitazo, kulibe galimoto kapena fakitale. Ngati nyanja zinkabadwa ndi kufa kale lomwe, bwanji lero tikuti ndi tsoka latsopano? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mwina akungobwerera kumene ankadutsa.

Bambo Mwale:
Pamenepo mwalasa, a Chisale, ndipo wosakuvomerezani akhala wosadziwa nkhaniyi. Kumpoto kwa Alaska mabeseni a nyanja zophwa atenga malo aakulu kuposa nyanja zamoyo, ndipo nyanja ikaphwa m'dziko lozizira, pansi pake pamaundananso, udzu ndi zitsamba zimamera, madzi oundana amayambanso kukula m'ming'alu, mpaka patapita zaka mazana kapena zikwi pamabadwanso dziwe. Unali mkombero wotseka.

Kusiyana kwa lero kuli pawiri. Choyamba ndi liwiro: kuyambira 1979 dera la kumpoto kwenikweni, lotchedwa Arctic, latentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse likaphatikizidwa. Chachiwiri, chimene kwa ine n'chachikulu, n'chakuti mkomberowo umafuna chisanu kuti utsekeke. Kumene nthaka ili kale pafupi ndi madigiri 0, beseni lophwa silingaundanenso monga kale, ndipo madzi oundana a mu yedoma, amene anaunjikana m'nyengo ya chisanu chachikulu zaka zoposa 10,000 zapitazo, sangabwerere m'nyengo imene tili nayoyi. Madzi akubwereradi m'khwawa, koma chimene chinkawabweza kumtunda chikutha.

Mayi Nabanda:
Zikomo kwambiri, tsopano za nyanja ndamvetsa. Nanga mitsinje? Ndaona zithunzi za mitsinje ya ku Alaska yofiirira ngati madzi otsukira chitsulo chadzimbiri, ndipo poyamba ndinaganiza kuti zithunzizo zinakonzedwa pa kompyuta kapena kuti kumtunda kuli mgodi.

Mayi Nangondo:
Zithunzizo ndi zoona, Mayi Nabanda, ndipo mawu anu akuti dzimbiri ndi olondola kuposa mmene mukuganizira. Mitsinjeyi ili m'mapiri a Brooks Range kumpoto kwa Alaska, ndipo yambiri ili m'malo otetezedwa, kutali ndi mgodi uliwonse ngakhale msewu. Mu 2024 Jon O'Donnell wa ku bungwe la mapaki la America, National Park Service, ndi anzake anafalitsa kafukufuku wotchula mitsinje ndi timitsinje 75 timene tasintha mtundu, ndipo zithunzi za masetilaiti zinasonyeza kuti kusinthaku kunachuluka m'zaka pafupifupi khumi kafukufukuyo asanatuluke.

M'miyala ya m'mapiriwa muli mwala wotchedwa pyrite, wopangidwa ndi chitsulo ndi sulufule. Nthawi yonse imene nthaka inali youndana, mwalawu unali wotsekeredwa, osakhudzana ndi mpweya kapena madzi oyenda. Dothi likasungunuka mozama, madzi a mvula ndi mpweya zimaufikira, ndipo pamatuluka asidi. Asidiyo amasungunula chitsulo, zinki, kopa, nikelo ndi cadmium za m'miyala, n'kuzitengera ku mtsinje. Madzi ena otuluka m'mapiriwa anayezedwa n'kupezeka ndi pH ya 2.3 (pH ndi muyeso wa asidi: nambala ikatsika, asidi wachuluka), kutanthauza kuwawasa kofanana ndi viniga, pamene mitsinje ya kumeneko imakhala cha pa 8. Chitsulocho chikakumana ndi madzi a mtsinje chimachita dzimbiri n'kukhala pa miyala ngati utoto. Izi n'zimene zimachitika pa mgodi wosiyidwa, kungoti kuno wokumba ndi kutentha.

Chimene chinandikhudza ine ndi nkhani ya kamtsinje kena kothira mu mtsinje wa Akillik, m'paki ya Kobuk Valley. Asayansi anali akukayeza kale, choncho akudziwa mmene kanalili: mu 2017 kanali koyera ndipo munali nsomba, mu 2018 kanafiira, tizilombo ta m'madzi timene nsomba zimadya tinachepa kwambiri, ndipo nsomba za mtundu wa Dolly Varden ndi sculpin sizinapezekenso. Mtsinje wa Salmon, m'paki yomweyo, umene unkatchuka ndi madzi oyera oonetsa miyala ya pansi, unafiira mu 2019. Kumunsi kwa mitsinje imeneyi kuli midzi ya anthu a mtundu wa Iñupiat amene moyo wawo wagona pa nsomba. Ndipo vuto lake n'lakuti pa mgodi pamakhala malo amodzi otulukira madzi oipa amene mungatseke, pamene kuno akutuluka m'mapiri monse.

A Mbewe:
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndifunse pang'ono. Kodi mitsinje yonse ya kumeneko ikufiira, kapena mtundu wa vuto umadalira zimene zili m'nthaka ya malowo?

Bambo Kamanga:
Zimadalira nthaka, a Mbewe, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi siikwana m'chiganizo chimodzi. Kumene kuli pyrite mtsinje umafiira. Kumene kuli dothi la madzi oundana ambiri pa malo otsetsereka, mtsinje umasanduka phala la matope.

Kumpoto chakumadzulo kwa Canada, pa Peel Plateau, phiri likagumuka pang'ono n'kuvundukula khoma la madzi oundana, dzuwa limadya khomalo chilimwe chilichonse, limabwerera m'mbuyo mamita angapo kapena makumi, ndipo matope amayenderera kutsika m'chigwa mpaka kutseka timitsinje. Mu July 2015, pafupi ndi Fort McPherson, chigumukire chotere chinadya mpaka kufika pa gombe la nyanja yaing'ono ya pamwamba pa phiri, ndipo madzi ake anagwa ngati mathithi kwa maola ochepa. Pa chilumba cha Banks, Antoni Lewkowicz ndi Robert Way anapeza kuti zigumukire zotere zinachoka pa 63 mu 1984 n'kupitirira 4,000 pofika 2015, ndipo zambiri zinayamba pambuyo pa zilimwe zotentha kwambiri. Chodziwika kwambiri ndi Batagaika ku Yakutia, dzenje lotalika pafupifupi kilomita imodzi limene linayamba m'zaka za m'ma 1960 nkhalango itadulidwa, ndipo matope ake amathera mu mtsinje wa Yana.

Matope amakwirira timiyala timene nsomba zimaikirapo mazira ndipo amatchinga kuwala kumene ndere zimafuna. Koma pali chodabwitsa chimodzi: nyanja zina zimene chigumukire chathiramo zimayera kuposa kale, chifukwa dothilo limakoka zinthu zakuda za zomera zowola n'kumira nazo. Munthu woona ndi maso okha anganene kuti nyanjayo yachira, pamene mchere wa m'madzimo wasinthiratu.

A Chisale:
Ndabweranso ndi chikayiko changa. Ndawerenga kuti mitsinje ikuluikulu ya ku Siberia ikutsitsa madzi ambiri kuposa kale, makamaka m'nyengo yachisanu, ndipo ena amafulumira kunena kuti ndi permafrost. Koma pa Yenisei pali damu la Krasnoyarsk, pa Angara pali la Bratsk, pa Vilyuy ndi pa Kolyma palinso madamu, ndipo ntchito ya damu la magetsi ndi kusunga madzi a chilimwe n'kuwatulutsa m'chisanu. Chimodzimodzi ngozi ya ku Norilsk ya mu May 2020, pamene matani pafupifupi 21,000 a dizilo anatayika n'kufika mu mtsinje wa Ambarnaya: poyamba chala chinaloza nthaka yosungunuka, koma bungwe la boma loona za chitetezo cha mafakitale linapeza zolakwika pa kamangidwe ndi kasamalidwe ka thankiyo. Permafrost isakhale mbuzi yosenzetsedwa milandu ya aliyense.

Bambo Mwale:
Sindikutsutsani pa za Norilsk, ndipo pa madamu mwanenanso zoona. Mu 2002 Bruce Peterson ndi anzake anasonyeza kuti madzi a mitsinje isanu ndi umodzi ikuluikulu ya kumpoto kwa Russia, Yenisei, Lena, Ob, Pechora, Kolyma ndi Severnaya Dvina, anawonjezeka ndi 7 peresenti pakati pa 1936 ndi 1999. Gawo lalikulu la kuwonjezekako likuchokera ku mvula ndi chipale, osati ku madzi oundana a m'nthaka, amene ndi ochepa poyerekeza ndi mitsinje yotere.

Koma kuti tione dzanja la permafrost, tiyang'ane mitsinje imene madamu sakuilamulira. M'chigwa cha mtsinje wa Yukon, ndi m'timitsinje tambiri ta ku Siberia ndi ku Canada, madzi oyenda pansi pa ayezi m'miyezi yachisanu awonjezeka. M'miyezi imeneyo kulibe mvula ndipo chipale sichisungunuka, choncho madziwo akuchokera pansi pa nthaka. Tanthauzo lake n'lakuti njira za pansi zimene zinali zotsekeka zatseguka. Mtsinje wa pa nthaka youndana umadzaza msanga mvula ikagwa n'kuphwa msanga, popeza madzi amangothamanga pamwamba. Nthaka ikasungunuka, madzi amalowa pansi, amachedwa, ndipo amatuluka atanyamula mchere wa m'miyala monga kashiamu ndi sulufeti. Kwa anthu amene mtsinje woundana ndiwo msewu wawo m'chisanu, madzi a pansi otere amapyapyalitsa ayezi m'malo amene makolo awo ankadutsa osaopa.

Mayi Nangondo:
Ndiwonjezere zinthu ziwiri zimene madziwa amanyamula koma maso saziona. Nthaka za kumpotozi zasunga matani pafupifupi 1,500 biliyoni a kaboni, kuwirikiza pafupifupi kawiri kaboni yense wa mumlengalenga, ndipo ndi zotsalira za udzu, mizu ndi nyama zimene zinaundana zisanawole. Pansi pa nyanja, mu talik muja, mulibe mpweya wabwino, choncho mabakiteriya akadya zotsalirazi amatulutsa methane, mpweya woyaka umene umawonjezera kutentha kwa dziko. Katey Walter Anthony wa ku University of Alaska Fairbanks anayeza thovu limeneli pa nyanja za pafupi ndi Cherskii ku Kolyma, ndipo amadziwika ndi kuboola ayezi n'kuyatsa mpweyawo moto. M'timitsinje ta ku Kolyma komweko asayansi ena anapeza kaboni wa zaka zoposa 20,000, ndipo mabakiteriya anadya pafupifupi theka lake pasanathe sabata. N'chifukwa chake ukayeza kumathiriro a mtsinje waukulu supeza wambiri: wathera m'njira n'kukwera kumwamba.

China ndi mercury, chitsulo chapoizoni, amene zomera zinkamwa kuchokera mumpweya kwa zaka zikwizikwi n'kumusiya m'nthaka. Akafika m'madzi osayenda opanda mpweya, mabakiteriya amamusandutsa mtundu umene umaunjikana m'thupi la nsomba, ndipo nsomba yodya zinzake ndiyo imakhala naye wambiri.

A Mbewe:
Pa za madzi osayendawo, pali mmisiri wina amene simunamutchule. Kanyama kotchedwa beaver, kamene kamatseka timitsinje ndi mitengo, kakusamukira kumpoto chifukwa zitsamba zakula ndipo timitsinje sitikuundananso mpaka pansi. Pafupi ndi Kotzebue ku Alaska, madamu ake anachoka pa 2 mu 2002 n'kufika pa 98 mu 2019, ndipo Ken Tape ndi anzake awerenga maiwe ake oposa 12,000 m'dera lopanda mitengo la Alaska. Dziwe lililonse limachita zimene Bambo Mwale anafotokoza poyamba paja, kusunga kutentha n'kusungunula nthaka ya pansi pake. Kanyamako sikanayambitse vutoli, koma kakulikolezera.

Mayi Nabanda:
Ndathokoza nonse, ndi inu a Chisale chifukwa chotikakamiza kusiyanitsa zimene zili za nthaka ndi zimene zili za madamu ndi mathanki. Pamene ndimawerenga mayankho anu ndinakumbukira mudzi wa Newtok ku Alaska, umene ndinkauyesa nkhani ya kukokoloka kwa gombe chabe. Tsopano ndikuona kuti gombe la mtsinje wa Ninglick linali lolimba chifukwa cha madzi oundana a m'kati mwake, ndipo atasungunuka mtsinje unayamba kulidya mamita pafupifupi 20 pa chaka, mpaka mu 2019 mabanja oyamba anasamukira ku Mertarvik, pa chilumba cha Nelson, kumene pansi pali thanthwe. Anthu a mtundu wa Yup'ik ali ndi liwu lawolawo la kugumuka kotereku, kumene kusungunuka, kusefukira ndi kukokoloka zimagwirira pamodzi: amati usteq.

Bambo Kamanga, ndikufuna kuona ndi maso anga mmene nyanja ya Zelma inalili isanakhuthuke ndi mmene zitsamba zakwiririra pansi pake. Kodi zithunzi zakale za masetilaiti zija, zotchedwa Landsat, munthu wamba angazipeze pa intaneti?

Bambo Kamanga:
Angazipeze, Mayi Nabanda, ndipo kuyambira 2008 bungwe la United States Geological Survey limazipereka kwaulere. Musankhe zithunzi za July kapena August, ayezi atachoka pa nyanja, ndipo muyerekeze cha 2006 ndi cha 2008.